Foni ya Bambo Sinawonongeke

9 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Imirirani, muombe m'manja: mlongo wanu, ndi digiri yake yonse ija, wabweretsa chilungamo padziko lapansi. Zinangotengera mizere iwiri pakompyuta, tiyi asanazizire n'komwe.

Mukudziwa kuti kuntchito kwathu tili ndi tsamba la pa intaneti lofufuzirapo amisiri. Munthu akalemba "wokonza mafiriji", mayina amatuluka, oyamikiridwa kwambiri pamwamba. Ndiye abwana anati amisiri atsopano akudandaula. "Sakaniza mayinawo ngati makadi, mphwanga. Aliyense alaweko pamwamba." Ndinasakaniza. Anandipatsa mphoto ya kapu yolembedwa dzina la kampani.

Pa okonza mafiriji, amene anali pamwamba zaka zonsezi ndi bambo. Anthu satsika m'munsi, achemwali, amaimbira woyamba, akatopa wachiwiri. Tsopano bambo amagwera paliponse, pansi pa anyamata owotcherera mapaipi ndi pemphero.

Makasitomala asiya kuimba, koma bambo akuti vuto ndi foni. Apita nayo kale kwa wokonza. Amaiika pabenchi pakati pa masipanala, n'kumaipukuta ndi malaya. "Tandiimbira, mwanawe, tione ngati ikulira." Ndimaimba nditaima pambali pawo. Imalira. Amangoyang'ana manja awo.

Botolo la gasi wa mafiriji lija agulitsa. Akuti limangodya malo.

Loweruka ndikapita kukawaona, ndimayamba ndaima kuseri kwa shopu yawo, kutsegula tsambalo mobwerezabwereza mpaka dzina lawo litakwera, kenako ndimalowa foni ili m'manja ngati dzira. "Onani, mukadali pamwamba!" Amaseka. "Ndiye kuti chaka chino mafiriji sakufa, eti?"

Ndinapempha abwana kuti tibwerere ku zakale. Anandifunsa ngati kuyunivesite anatiphunzitsa kukondera achibale, n'kundikumbutsa kuti ofuna mpando wanga ndi ambiri. Ndinabwerera pampandopo, ndinamwa tiyi m'kapu yanga ija.

Pempho langa ndi limodzi. Muziwaimbira masana, nthawi ya ntchito, kuti oyandikana nawo azimva foniyo ikulira. Za ine musawauze. Amauza aliyense wodutsa kuti mwana wawo ndiye amayendetsa intaneti.

Moni kwa alamu ndi ana. Bambo akupereka moni, akuti firiji yanu ikavuta musaitane munthu wina, adzakwera basi okha, nthawi ali nayo yambiri. Loweruka lapitali ndinaima kuseri kuja mpaka batire kutha, dzina lawo osakwera. Ndinkawamva mkati akusuntha masipanala. Sindinalowe.

Ndine mlongo wanu,
Injiniya wa bambo