Za Mabawuti a Belu Pamwamba pa Khomo

Komiti ya Zomangamanga ya mpingo wathu wa ku Tauni idakumana Lamulungu pa 15 Juni 1975, m'tchalitchi chatsopano, mapemphero atatha.

Analipo: a Chikaonda (Wapampando), a Lawford (mmisiri), a Naphiri (a Sande Sukulu), a Jobu (Mlembi).
Sanabwere: a Nebert, abwana awo ku Eriya 12 ali ndi alendo.

1. Wapampando anati belu limene abale osamuka ku Zomba adabwera nalo latopa kukhala pansi. A Lawford anati mabawuti awiri adawakwirira kale m'konkire pamwamba pa khomo, ndipo akufuna belu lilire Loweruka paukwati wa mwana wawo Zelifa, poti analonjeza mwanayo.

2. A Naphiri anafunsa ngati mabawutiwo adayesedwa, pakuti ana amalowera khomo lomwelo. A Lawford anati adamangako chingwe, amuna nakoka ngati akuzula chitsa, osasuntha. A Naphiri anati, "Inu bambo a Zelifa, belu silikoka chammbali ayi. Limalendewera, kulemera kwake kumapita pansi. Ndiye pansi pa mabawuti anuwo konkire yatsala yochepa ngati chikhatho changachi."

A Lawford anati chitsulo sichingaduke. A Naphiri anati iwo sakunena chitsulo.

3. Tinagwirizana kuyesa ndi katundu wolingana ndi belu. Tonse tinayang'ana Wapampando. Iwo anati m'malamulo a mpingo mulibe zimenezo, koma anavula jekete. Analendewera pachingwe, miyendo m'mwamba. Mabawuti sanaduke. Konkire ya m'munsi ndi imene inagumuka, Wapampando natera pansi chokhala, fumbi m'mutu. Sanavulale. A Lawford anatola chibenthucho, anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati bwanji akadakhala Zelifa ali m'velo pakhomopo, belu n'kumugwera.

4. Chigamulo: a Lawford akwirire mabawuti ena onenepa, mozama, kutali ndi m'mphepete, pakhoma lakummawa posadutsa anthu. Konkire iyambe yauma bwinobwino. Zimenezi sizingatheke Loweruka lisanafike.

5. Zina ndi zina. Wapampando, akusasa fumbi, anati belu lidzalirabe paukwatiwo: alipachike pamtengo, amuna awiri asenze pamapewa, iwo kutsogolo, a Nebert kumbuyo popeza sanabwere kudzakana. A Naphiri anavomera, nati Wapampando ndiye tawayesa, sasweka.

Tidzakumananso pa 29 Juni. A Lawford anatseka ndi pemphero, ndipo linali lalitali. Tinabalalika dzuwa litapendeka.

Chikaonda, Wapampando
Jobu, Mlembi