Mkamwini watenga dzina la malemu mwana wanga

Aphungu,

Ndasunga kaundula wa ubatizo ndi wa maliro pampingo wathu ku Liwaladzi kwa zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo sindinafufutepo mzere ndi umodzi womwe. Mwana wanga Tedson anamira panyanja mu 1989. Imfa yake ndinailemba ndine.

Mlongo wake, Esitere, anakwatiwa ndi Fidelis, amene anabwera kuno pothawa nkhondo ya ku Mozambique. Anzake atabwerera kwawo, iye anatsala, ndipo sindinamunyozepo. Sabata yatha kunabwera ofisala wa za mapasipoti kudzatsimikiza ngati Tedson wa m'kaundula wanga ndi yemwe wapempha pasipoti. Chithunzi chimene anandionetsa chinali cha Fidelis.

Khadi la ubatizo la Tedson anakalitenga m'sutikesi mwanga ndi Esitere. Nditamufunsa anati, “Bambo, achimwene ali kumanda, dzina alitani? Ife tili ndi ana atatu.” Mwamuna wake anangowonjezera kuti, “Masiku ano ndi ufulu, bambo.” Kodi ufulu tinauvotera uja ndi wofukula akufa?

Ofisalayo abweranso Lachisanu kuti ndisaine zoti wapachithunziyo ndi Tedson. Mayi ake a Tedson sakudya. Ndichite chiyani?

B.K.M., Nkhotakota

A B.K.M.,

Musasaine. Yankholi mukulidziwa kale, mumangofuna kulimva pakamwa pa wina.

Kufuna pasipoti kapena unzika mwachinyengo ndi mlandu wa chindapusa kapena ndende, ndipo mlendo amatha kubwezedwa kwawo akamaliza chilango. Wothandizira bodzalo nayenso amazengedwa mlandu. Esitere walowamo kale. Mukasaina mukhala wachitatu, nanga adzukulu atsala ndi yani?

Lachisanu lisanafike, aitaneni awiriwo pamaso pa ankhoswe, muwauze poyera kuti mudzatsegula mabuku onse awiri, wa ubatizo ndi wa maliro. Fidelis aonane ndi loya, kenako apite yekha kuofesi akaulule, akapemphe chilolezo chokhala m'dziko muno m'dzina limene anamupatsa makolo ake. Sindikulonjeza kuti amusiya, koma wodzipereka amamveredwa kusiyana ndi wogwidwa.

Esitere walakwa, komabe musamutsekere chitseko. Wamuchititsa ndi mantha.

Chenjezo langa ndi ili: Tedson munamuika kamodzi. Mukasaina, tsiku limene Fidelis adzamwalire kunja kwa dziko ndi pasipotiyo mudzalandira uthenga wa maliro a mwana wanu kachiwiri, ndipo m'kaundula wanu mulibe mzere wolembapo zimenezo.