Zitsulo za Pazenera Langa

Okondedwa achimwene,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, pamodzi ndi alamu ndi ana. Ndikhulupirira kuti chifuwa chija chinamusiya wamng'onoyo. Ife kuno tikupuma, ine ndi mwana wanga Kanyerere. Zoti tili bwino sindinena, chifukwa mawu amenewo munawatenga kale inu n'kuwapachika pakhoma.

Kalatayi ndikulembera pathebulo lositira zovala kuntchito, anzanga atapita kukadya. Mukaona zilembo zikupendama, si kuchepa kwa sukulu kokha, ndikulemba mothamanga. Ndiipereka kwa amuna awo a eni nyumba, oyendetsa basi aja, ndipo ikupezani mawa m'mawa. Pafoni musavutike kundifuna, simu ndathyola.

Lolemba ndinakuyimbirani katatu. Munangotumiza uthenga woti muli ndi anthu a chionetsero cha zithunzi, muyimba mukamaliza. Lero ndi Lachitatu. Kaya anthuwo sanapitebe kwawo.

Nkhani ndi chithunzi chija. Kanyerere atakwanitsa zaka zitatu munandikakamiza kuti nditumize chithunzi, akuti amalume ake aone mmene wakulira. Eni nyumba anatijambula titaima m'chipinda mwathu, zenera lili kumbuyo. Potumiza ndinakuuzani kuti ndi cha maso anu okha. Munayankha kuti musadandaule achemwali.

Inu munachilowetsa m'kompyuta n'kuyamba ntchito yanu ija yoduladula ndi kumata. Nkhope yanga munaichotsa, pamalo pake munaikapo kapu ya mayi yothyoka chogwirira ija. Pansi pa mapazi athu munayala lamba wa bambo, wokhotakhota ngati mtsinje. Pamwamba pa mutu wa mwana munaikapo mbalame ya pepala la kalendala. Zenera munalikulitsa mpaka kudzaza khoma lonse, chitsulo chilichonse chikuoneka bwinobwino. Mmunsi munalemba kuti Mlongo Wanga Akuti Ali Bwino.

Munanditumizira china chosindikiza papepala lolimba, ndi kakalata kofotokoza tanthauzo la chilichonse, ngati ine ndinakulira nyumba ina. Musaganize kuti poti ndinalekezera kupulayimale ndiye sindinamve. Kapuyo bambo anaiponya kukhoma, mayi anaitola n'kumamwerabe tiyi zaka khumi, alendo akafunsa ankati inagwa yokha. Lambayo misana yathu ikumudziwa. Mbalame zija munkazidula ndi sizasi ya mayi tili kunsi kwa bedi, kuti ine ndisalire mokweza.

Ndinalira nditachiona, sindikana. Ndinachibisa pansi pa matiresi, Lamlungu lililonse ndinkachitulutsa n'kuchiyang'ana.

Koma m'kakalata kaja munanenanso kuti mwachipachika kuchionetsero ndipo mwachiika patsamba lanu la pa intaneti. Akuti anthu akumaima nthawi yaitali patsogolo pake, mayi wina wa magalasi mpaka anapukuta misozi. Akuti nkhope yanga mwaibisa ndiye palibe angandidziwe. Akuti ya mwana simunabise chifukwa mwanayo akuimira chiyembekezo. Akuti zitsulo zikuimira ndende ya akazi onse.

Achimwene, zimenezo si zitsulo za akazi onse. Ndi zitsulo za pazenera langa. Ndipo mwamuna amene ndinamuthawa miyezi isanu ndi itatu yapitayo ntchito yake ndi yowotcherera zitsulo. Munaiwala? Geti la kwa mayi anapanga ndani?

Mverani zomwe zachitika. Lolemba m'mawa kunabwera mayi wina kuno kochapira zovala, atanyamula shati imodzi yoyera kale. Anadikira kuti abwana alowe mkati, kenako anandifunsa chapansipansi ngati ndine mayi wa kamtsikana, wokhala mumdadada wa nyumba za kuseri kwa sitolo ya mankhwala. Anati ndisaope, iye ndi mkazi wa Chipewa, wowotcherera amene anaika zitsulo m'mazenera a nyumba zathuzo.

Akuti Loweruka bambo a Kanyerere anafika kushedi kwa Chipewa ndi foni m'manja. Mchemwali wawo amatsatira tsamba lanu, ndiye anawaonetsa chithunzicho. Kapu sanaione. Lamba sanamuone. Mbalame sanaione. Anangokulitsa ndi zala ziwiri pakona ya zenera, pomwe chitsulo chimapindika kawiri ngati mbedza, pakati pali kadontho konga diso.

Owotcherera amadziwana dzanja monga mmene atelala amadziwirana msoko. Awiriwa anaphunzira ntchito kwa bwana mmodzi ali anyamata. Akuti anafika akuseka, n'kumuuza Chipewa kuti dzanja lake ndi lopindika ngati miyendo yake, angalizindikire ngakhale atamumanga kumaso. Kenako anafunsa kuti mbedza zimenezi unaziika nyumba ziti.

Chipewa anandionapo tsiku lina akukonza geti lathu, ndipo anazindikira mwana pachithunzipo. Anayankha kuti wazipanga nyumba zambirimbiri, sangakumbuke. Zoona zake n'zoti anazipanga mdadada wathu wokhawu, zinamudyera nthawi ndiye anazisiya. Bambo a Kanyerere anakhala pamenepo maola awiri, anamugulira chakumwa, akulankhula mofatsa kuti iwo alibe mangawa, angomusowa mwana basi. Mumawadziwa mmene amafatsira pagulu. Pochoka anati abweranso Lachisanu, akamwere limodzi ngati kale.

Mkazi wa Chipewa anandiuza mosabisa. Akuti mwamuna wake ndi munthu wabwino, koma akamwa pakamwa pake pamabooka ngati ndowa yakale, ndipo Lachisanu salephera kumwa. Anati mayi, masiku amene muli nawo muwerenge nokha.

Anandionetsanso china pafoni yake. Bambo a Kanyerere adula nkhope ya mwana pachithunzi chanucho n'kuimwaza paliponse. Alemba kuti mkazi wawo mutu sukuyenda bwino, anaba mwana n'kuthawa, amene angamuone aimbe nambala iyi. Anthu akugawana. Amayi ena akulemba kuti akuwapempherera bambo osauka amenewa. Chiyembekezo chanu chija, achimwene, chili ndi kachipsera pachibwano ndi khutu limodzi lopindika, ndipo tsopano tauni yonse ikuchidziwa.

Dzulo masana eni nyumba anaona mwamuna wa ovolosi akuyenda pang'onopang'ono msewu wakumtunda kwathu. Akuti anadabwa naye chifukwa munthu wofuna nyumba amayang'ana zitseko ndi manambala, koma uyu ankayang'ana mazenera. Bambo a Kanyerere sanadikire n'komwe Lachisanu. Watsala msewu umodzi.

Tsopano ndinene zanga, chifukwa mkwiyo wangawu mbali ina ndi wa ine ndemwe.

Ndinakunamizani. Nonse ndinakuuzani kuti ndachoka chifukwa cha mowa ndi kusamvana. Mkono wanga uja sunathyoke chifukwa choterereka pamasitepe. Anandimenya ndi chidutswa cha chitsulo chotsala pa ntchito, chifukwa ndinachedwa kumsika. Atatero anawotcherera kachitsulo ka loko kunja kwa chitseko, akamapita kuntchito ankatitsekera mkati ine ndi mwana. Tsiku lina anamunyamula Kanyerere ndi mkono umodzi, akundiyang'ana ine, n'kunena kuti ndikadzayesa kuchoka mwanayu sindidzamuonanso ngakhale pachithunzi. Ndinathawa tsiku limene anaiwala kukhoma loko.

Ndiye mumve bwino apa. Nditayamba kufuna nyumba ndinaona zinayi. Zina zinali zotakasuka kuposa iyi, ina inali ndi madzi mkati. Ndinasankha iyi chifukwa cha zitsulo zimenezo. Ndinazigwedeza ndi manja onse awiri, sizinasunthe, ndinati apa munthu sangalowe. Aka kanali koyamba m'zaka zinayi kukhala m'nyumba yomwe loko wake ali mkati, kiyi ali m'thumba mwanga. Kanyerere amamangirirapo tinsanza take n'kumati wayanika zovala. Inu mwaziyang'ana muli kutali n'kuzitcha ndende.

Mayi wa kuofesi yothandiza akazi anandichenjeza kuti ndisatumize chithunzi kwa aliyense, ngakhale wapachibale. Ndinati uyu ndi mchimwene wanga, amene ankanditseka makutu kunsi kwa bedi. Pamenepo ndinalakwa ndine. Ndipo nthawi zonse mukafunsa ndinkati ndili bwino, monga mayi ndi kapu yawo yogwa yokha. Mwina poika kapuyo pankhope panga simunaphonye.

Koma ngati munaona kuti ndikunama, mpaka kulemba mmunsi mwa chithunzi, bwanji simunandifunse ineyo? Munali ndi nthawi yopita kwa mayi kukajambula kapu. Munali ndi nthawi yofufuza lamba m'sutikesi ya bambo. Alamu anandiuza kuti munakhala masabata atatu pakompyuta kukonza mthunzi wa zitsulo kuti ugwere bwino pamapewa anga. Masabata atatu kuyang'ana mapewa anga, osaimba foni kufunsa kuti kodi achemwali, ndichionetse kwa anthu? Funso limodzi lokha. Ndikanakuuzani zonse tsiku lomwelo.

Anthu osandidziwa alira nane kuchionetsero, kenako apita kwawo kukagona nyumba zomwe palibe akuzisakasaka. Mayi wa magalasi uja mukamuona mumuuze kuti misozi yake yafika, koma sikukwana kunyamulira katundu.

Chithunzicho chichoke. Chichoke pa intaneti mukangomaliza kuwerenga, musanamwe n'komwe tiyi. Chichoke pakhoma la chionetsero, ndipo choyamba chija ndinatumiza muchifufute m'kompyuta ndi m'foni. Ndikudziwa muyamba kunena kuti munagwirizana ndi eni malo kuti chikhala mpaka kutha kwa mwezi, kuti pakhoma patsala dzenje. Patsale dzenje. Akafunsa muwauze kuti mwini nkhaniyo wakana. Zomwe bambo a Kanyerere amwaza kale sitingazitole, koma inu musawonjezere. Komwe ndikupita sindikufuna munthu amuyang'ane mwana wanga kawiri pamzere wa kuchipatala.

Mayi musawauze chilichonse. Mpongozi wawoyo amawapititsirabe shuga ndi kuwakonzera geti, ndipo iwo amati mwana amafunika bambo ake. Angamve lero, mawa amuuza, akuganiza kuti akumanga banja.

Bambo a Kanyerere akakuyimbirani, ndipo ayimba, musakambe nawo nthawi yaitali. Adzakutchani alamu, adzayamikira luso lanu, adzati sanadziwe kuti chithunzi chingalankhule chonchi. Inu mukayamikiridwa mumasungunuka, ndimakudziwani. Ndipo kunama simutha, makutu anu amakugulitsani kuyambira tili ana.

N'chifukwa chake sindikuuzani komwe tikupita. Mayi wa kuofesi uja watipezera malo, tinyamuka mawa kukacha, nthawi yomwe kalatayi ikhale ikulowa pakhomo panu. Musakwiye, kapena kwiyani, zilibe kanthu. Chimene simukuchidziwa simungachidule n'kuchimata pena.

Ntchito ndasiya lero. Abwana anati ndinali nditangoyamba kudziwa kusita makwinya a siketi za sukulu, tsopano ayambanso kuphunzitsa wina wowotcha makolala. Ananena akuseka, koma anatembenukira kukhoma. Kanyerere ndamuuza kuti tikupita kukaona nyumba ina. Wafunsa ngati titenge duwa lake la m'chitini, ndati eya. Wafunsa ngati titenge zenera, poti n'pomwe amayanika zovala zake.

Mukatsegula envelopuyi mupezamo zidutswa. Chithunzi munanditumizira chija ndabwera nacho kuno, ndatenga sizasi yodulira ulusi, nanenso ndayesako ntchito yanuyo. Sindinaphunzire, mizere yake yakhota. Mwana ndamudula ndamuchotsamo, ali m'chikwama changa. Mbalame ndikamupatsa Kanyerere, chifukwa imeneyo inali yanga kuyambira kunsi kwa bedi, ndipo ndiyo yokha imene sindikukwiyirani nayo. Lamba, zitsulo, ndi mayi wa nkhope ya kapuyo ndakubwezerani. Ndi zanu, munazipatsa tanthauzo ndinu.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti diresi lija linamukwana Kanyerere ndipo ndi lomwe avale paulendo. Ana muwapsompsone. Mayi mungowauza kuti ndawapatsa moni, basi. Mulungu akusungeni, akupatseninso maso oona munthu asanasanduke chithunzi. Tikakhazikika, ndipo ndikamva kuti pakhoma paja pali dzenje, ndidzakufunani ndine.

Kufikira tsikulo, wina akakufunsani kuti mlongo wanu ali bwanji, musandiyankhire.

Ndine mlongo wanu wamng'ono,
Mayi a Kanyerere