Nduwira ya Bambo Yasanduka Mbereko

Lachinayi, mwezi wa Juni, ku Katowo. Kwazizira tsiku lonse, ndipo mtima wanga sunali m'malo.

M'mawa ndinatulutsa m'bokosi nduwira ya malemu bambo, nsalu yaitali yachikasu imene anabwera nayo kuchokera kwawo ku Rajasthan, kudziko la amwenye. Ndinayesa katatu kuikulunga kumutu ndili pagalasi, koma inkangomasuka. Bambo ankaimanga uku akucheza, osayang'ana n'komwe, ine osaphunzira. Lero ndifunsa ndani? Kuchokera pamene boma linasamutsira amwenye m'matauni, kuno kulibenso woidziwa. Ngakhale Chimarwari, chilankhulo cha bambo, ndatsala ndi moni yekha.

Ndinaisiya pabedi n'kupita kukaphunzitsa.

Pobwera ndinapeza mkazi wanga Nyagondwe waberekera mwana nsalu ija, akutsuka mbale. Ndinakalipa: "Mukudziwa kuti imeneyo ndi ya kumutu kwa bambo anga?"

"Pepani chomene," anatero. "Koma zaka zonsezi m'bokosimo inkafunditsa ndani? Onani mdzukulu wawo m'mene wagonera."

Ndinayang'ana nsalu ija. Mfundo yake pachifuwa inali yolimba, pomwe yanga inakanika katatu konse.

Sindinamuuze kuti amasule. Koma mwanayu akadzakula n'kundifunsa za nsaluyi, kaya ndidzamuuza chiyani, komanso m'chilankhulo chiti...