Nsapato za Chiwala

Lolemba, 4 Marichi

Ndagula kope ili pageti la chipatala poti ndilibe womuuza. Bambo ake a Chiwala ali paulendo ndi thiraki, foni yawo sikupezeka.

Chiwala ali m'chipinda cha odwala mwakayakaya, bedi lachinayi. Mwana wanga woyamba, zaka zisanu ndi chimodzi. Tinamutcha Chiwala chifukwa sakhala pansi, koma lero ngakhale chala sichikugwedezeka. Sabata yatha anangoti, "Amama, miyendo yachita dzanzi." Ine n'kumukalipira kuti akuthawa sukulu. Lachisanu anagwa pochokera kubafa. Loweruka kapu inamupulumuka m'manja. Dzulo mpweya unayamba kumuthera, ndiye amulowetsa paipi kukhosi, akumupumira ndi makina.

Amalola kulowa kawiri patsiku, mphindi makumi awiri. Nthawi ina yonse ndi pabenchi.

Lachiwiri, 5 Marichi

Amutenga madzi kumsana, amuyezanso miyendo ndi timawaya tamagetsi. Adokotala ena aatali akuti thupi lake lasokonezeka, likuwononga lokha mitsempha yake, ngati khoswe watafuna waya. Dzina la matendawo andiuza katatu, silikulembeka.

Pabenchi ndapeza mnzanga, mayi a juzi yofiira. Mwana wawo ali bedi lachitatu, anagwa pa njinga yamoto n'kumenyetsa mutu. Ataona bulauzi yanga itanyowa mkaka anandipatsa kansalu. "Wasiya wakhanda kunyumba eti? Pita ukakame, mwanawe, ungaphulike pano akakugoneke bedi lachisanu." Ndaseka koyamba chibwerere.

Wakhandayo ali ndi apongozi.

Lachitatu, 6 Marichi

Amumata maso ndi pulasitala. Zikope zasiya kuphethira.

Lachinayi, 7 Marichi

Mmawa ndili mkati, katani ya bedi lachitatu sinatsekeke bwino. Ndinaona zonse. Madokotala awiri. Anamuunika m'maso ndi tochi. Anamukhudza diso ndi thonje. Anamuthira madzi ozizira m'khutu ndi jakisoni wopanda singano. Kenako anachotsa makina, onse n'kumayang'ana pachifuwa, wina akuyang'ana wotchi. Chifuwa zii. Anabwezeretsa makinawo. Masana akuti anabwerezanso chimodzimodzi.

Mayi a juzi anawaitanira mu ofesi. Potuluka anakhala pambali panga, akuti ubongo unafa kale, mtima ukugunda chifukwa cha makina basi. "Koma ndi wofunda, mwanawe. Ndamugwira, ndi wofunda."

Makina aja azimitsa cha m'ma folo koloko. Popita mayi aja andisiyira kapilo kamene amakhalira. Benchi yakula.

Lachisanu, 8 Marichi

Ndilembe basi.

Adokotala aatali abwera ndi tochi kwa Chiwala. Amatula pulasitala, aunika. Diso osasuntha. Atenga thonje. Osaphethira. Chimodzimodzi ngati bedi lachitatu! Ndinawagwira mkono, ndikuti musamuthire madzi m'khutu, musamuthire. Analankhula zambiri koma makutu anga anali atatseka. Anesi ananditulutsa.

Masana kunabwera apongozi, tinalowa limodzi. Anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kumutsina chala. Kenako akuti, "Uyu wapita kale, zatsala ndi zamakinazi. Limba mtima. Nsapato zasukulu zatsopano zija umupatse msuweni wake, ukamaziona zizikuwawitsa mtima."

Ine ndinati, "Chabwino, atenge."

Nsapato zimene amagona nazo kumutu sabata yoyamba.

Loweruka, 9 Marichi

Bambo ake aimba. Akuti afika Lachitatu, katundu wa eni sangamusiye panjira. Foni inaduka ndisanawauze.

Mmawa ndinalowa, ndinangoima kugwira chitsulo cha bedi, osalankhula. Ulankhula ndi ndani? Masana sindinalowe n'komwe.

Lamulungu, 10 Marichi

Anesi amagalasi anditsatira pabenchi. Akuti dzulo masana munali kuti, komanso ndikamasule tsitsi la mwana, mawa akufuna kumumata mawaya m'mutu. Ndinafunsa kuti ndiye mukukonzekera kuzimitsa? Anandigwira dzanja mpaka kwa adokotala aatali.

Ulendo uno ndinamvetsera. Akuti mnyamata wa bedi lachitatu uja chithunzi cha m'mutu chinaonetsa ubongo utawonongeka, ankadziwa chimene chaupha. Wa Chiwala ukuoneka bwino pachithunzi. Matenda akewa akafika poipitsitsa amagwira ngakhale mitsempha ya m'maso, munthu n'kumaoneka ngati wapita pamene mwina alipo. "Kwa iyeyu tochi singatiuze zimenezo, amayi. Ndinakuuzani Lachisanu, sitizimitsa chilichonse."

Mwina alipo. Mwina.

Ndamasula mizere isanu ndi itatu. Ndinamuluka ndekha, tsiku limenelo analira kuti ndikukoka. Lero ndimakoka dala pang'ono kuti mwina adandaule.

Lolemba, 11 Marichi

Kunabwera abambo ena ndi kompyuta pa kangolo. Anamata timawaya m'mutu monse ndi guluu wonunkha. Akuti, "Mutu wabwino uwu, wa masamu." Pakompyuta panayamba kuyenda mizere ngati mwana akukhwatcha m'kope.

Anawomba m'manja pafupi ndi khutu lake. Mizere inasintha. Anadikira. Kenako akuti muitaneni, amayi, mmene mumamuitanira kunyumba.

Koyamba ndinangonong'ona. Kachiwiri ndi pamene ndinati, "Chiwala iwe!"

Mizere inasinthanso. Ngakhale ine wa Sitandade 6 ndinaona.

Adokotala aatali anapumira m'mwamba. Akuti ubongo uli maso, ayenera kuti akumva zimene tikulankhula. Akuti ulendo ndi wautali, mwina miyezi, ndipo sangandilonjeze zonse. Koma muzilankhula naye, asamakhale yekha.

Ndinafunsa, "Nanga Lachisanu, ankamva?"

Akuti n'kutheka.

Ndinathamangira panja. Ine ndimadandaula benchi, pamene mwana ali mumdima, maso omata, akumva agogo ake akuti wapita, amayi ake akuvomera. Loweruka anandimva nditaima pomwepo, osamuitana.

Lachiwiri, 12 Marichi

Ndinakwera basi yoyamba yopita kunyumba. Ndinayamwitsa wakhanda chiimirire, kenako kwa alamu anga. Msuweni wa Chiwala anali atavala kale nsapato zija, akumanga zingwe kuti azipita kusukulu. Ndinagwada n'kumuvula ndekha. Alamu akuti, "Mwapenga kodi?" Ndinati eya.

Anesi amagalasi atandiona nazo pakhomo akuti, "Nsapato muno? Mukufuna andichotse ntchito?" Anazipukuta ndi sipiriti, n'kuziika m'pepala lapulasitiki loonekera mkati.

Ndinawerama pakhutu lake. "Chiwala, ndi amama. Zija unamva Lachisanu zinali zabodza, wamva? Sunapite kulikonse. Nsapato zako ndi izi, ndakazilanda. Yakumanzere aikanda pang'ono kutsogolo, udzamukalipira wekha."

Ndinapempha anesi amatule pulasitala. Anakweza chikope ndi chala chawo, ine n'kubweretsa nsapato pafupi.

Diso silinasunthe. Anesi anayang'ana wotchi yapakhoma, mphindi zanga zinali zitatha kale. Anangoti, "Sinthani dzanja, amayi, limenelo latopa."

Ndinasintha, n'kuyamba kumuuza za wakhanda, kuti wamera dzino.