Kapitawo wa m'sewero langa

Loweruka, kukomboni ya Makokoba. Kwazizira tsiku lonse, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Lero tachita sewero lathu muholo ya tchalitchi. Ine ndinali kapitawo wankhanza wa kunjanji. Kuti aoneke woopsa, ndinatengera zonse kwa malume: katsokomoledwe kawo, kuloza anthu ndi chipewa, ndi kukuwa kwawo kuja kofulumizitsa anthu kwakuti "Tshetsha!" Anthu anaseka mpaka misozi, uku akucheukira pamene anakhala malumewo.

Potuluka malume anandigwira paphewa. "Mphwanga, wanditsanzira bwino. Koma kapitawo wakoyo sanalandirepo mwana wa mlongo wake pasiteshoni?"

Ndiwo anandilandira nditafika kuchokera ku Nyasaland ndilibe ndi nsapato zomwe, nandipezera ntchito. Zimenezo m'sewero mulibe. Kapitawoyo ndinangomupatsa ukali wawo wokhawokha.

Mawa kutchalitchi tikakhala benchi imodzi, ndipo sindikudziwa kuti ndikayambira pati.