Tsiku limene anachotsa mizati

Amayi, kodi kumeneko mukukhalako bwanji? Ife kuno ku Kabwata tili moyo. Lero pakwana chaka chimodzi, miyezi inayi ndi masiku asanu ndi limodzi chikuikireni m'manda.

Ndiyambe ndi zabwino. Mkazi wa mlongo wanga Yobe anachira mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Ali ndi chipumi chanu chomwe chija. Kumunda kwanu ku Katete takolola matumba asanu ndi awiri, kuchepa ndi limodzi poyerekeza ndi chaka chatha. Chitseko chakumbuyo chikuvutabe.

Tsono nkhani yaikulu ndi ya kuntchito. Ndinalembedwa pa mlatho wa oyenda pansi umene tinkamanga pamsewu wopita ku Chelstone. Ntchito yanga inali yothirira konkire, m'mawa ndi masana, kuti ilimbe osang'aluka. Mlathowo unagwa tisanaumalize, Loweruka m'mawa. Palibe anamwalira, koma anzathu awiri anathyoka miyendo.

Boma linatumiza mainjiniya kudzafufuza. Anaboola konkire n'kutenga tizidutswa kukayesa, anayeza zitsulo, kenaka anayamba kutiitana mmodzimmodzi. Mlandu wonse unkagwera a Che Saidi, kalipentala uja wa ku Emmasdale amene anakukhomerani mpando wamsana. Ndiwo anaimika mizati yochirikiza konkire mpaka iume. Ba foromani anauza mainjiniya kuti mizatiyo anaiimika mokhota, konkire n'kuuma itapindika. Buku la kampani linkasonyeza kuti mizati inakhala masiku 21, monga mwa lamulo. A Che Saidi anauzidwa kuti asachoke mu Lusaka, apolisi adzawafuna.

Amayi, mukukumbukira makala aja pakhoma la khitchini? Nkhuku ikayamba kufungatira munkandituma kulemba mzere tsiku lililonse, mpaka mizere 21. Ndikanena kuti ndikumbukira, munkati, "Lemba, Esinati, mutu umanama." Sindinasiye. Ndili ndi kabuku kabuluu kamene ndimalembamo tsiku lililonse limene ndathirira, ndi Lamulungu lomwe, potuluka ku tchalitchi.

Kabukuko kakunena izi. Konkire anathira Lolemba. Lachinayi la sabata yachiwiri, ba foromani anauza a Che Saidi kuti achotse mizati, ikufunika pa nyumba ina ku Woodlands. Iwo anakana. Mawa lake, Lachisanu, atapita ku mzikiti masana monga amachitira, kunabwera lole n'kutenga mizati yonse. Ine ndinalemba: "Tsiku la 12. Achotsa mizati. Ndathirira kawiri." Kuchotsa 12 pa 21 kutsala 9. Masiku asanu ndi anayi amenewo ndiwo anagwetsa mlatho.

Sindikubisirani, ndinakhala nako kabukuko masiku atatu osauza munthu. Ena onse anaona lole ija, koma aliyense ankati sakukumbukira tsiku. Yobe naye anandiuza kuti ndikhale chete, popeza amene anandilemba ntchito ndi ba foromani omwewo. Ndinayesa kuika kabukuko pansi pa matiresi, koma ndikaona mpando wanu pakhonde mtima sunkandilola.

Lachitatu ndinavala chitenje chanu chobiriwira n'kukalowa mu ofesi ya mainjiniya aja. Mukudziwa kuti mawu anga samveka patali. Injiniya wamkulu, mayi wa magalasi, anachita kusendeza mpando kuti andimve. Ndinapepesa kuti sukulu ndinalekezera giredi 7, zolemba zanga n'zokhota. Sanaseke. Anawerenga tsamba lililonse ndi chala, anajambula onse ndi foni, kenaka anaitanitsa buku la mlonda wapageti. Lole ija inalimo, Lachisanu lomwelo, ola lomwelo.

Kafukufuku sanathe, akudikirabe zotsatira za tizidutswa tija. Koma a Che Saidi awauza kuti alibe mlandu, ndipo amene akufunsidwa tsopano ndi amene analemba 21 m'buku la kampani. Ine ntchito yandithera, ba foromani ananena okha pageti. Musadandaule. Konkire ikuthiridwa paliponse mu Lusaka, ndipo yonse ifuna madzi.

Dzulo a Che Saidi anabwera ndi chikwama cha zida. Za mlatho sanatchule n'komwe. Anangoti anamva kuti chitseko chakumbuyo chikuvuta. Pamwambapa ndalemba kuti chikuvutabe chifukwa kalatayi ndinaiyamba dzana. Tsopano chikutseka ndi chala chimodzi.

Nkhuku yanu yamawanga ili ndi mdzukulu amene wayamba kufungatira. Lero ndi mzere wachinayi. Kamwana ka Yobe kakadzatha kugwira khala, ndidzakaimika pakhoma lomwelo n'kukaphunzitsa monga munandiphunzitsira. Limeneli ndi lonjezo, ndipo ndalilemba.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati